Chitsime cha Kunsi kwa Mtaya

Kwa Nachuma, Zomba
20 Seputembala 1998

Okondedwa bambo a Joanna,

Landirani moni kuchokera kwa ine ndi ana anu awiri. Kaya inu muli bwanji ku Joniko? Ife tilipo, kungoti kutentha kwayamba msanga chaka chino.

Ella, mwana wanu amene munamusiya m'mimba, wayamba kuseka mokweza. Joanna akabisa nkhope m'chitenje n'kuvundukula, iye amaseka mpaka kutsamwa. Aliyense wobwera pano akuti mphumi ndi yanu. Ine ndimangoti zoona, popeza mwini mphumiyo palibe woti tifanizire.

Chitsime chimene munakumba musanapite sichinaphwe, pomwe zitsime za anzathu zatsala matope okhaokha. Ndikamakoka ndowa ndimakumbukira mmene munkatulukira m'dzenjemo, thupi lonse dothi lofiira, mano okha akuoneka.

Chimene chativuta ndi mtaya wa zinyalala uli kumtunda kwathu uja. Wakula kwambiri. Magalimoto akutauni akukhuthula tsiku lililonse, ndipo mphepo ikachokera kumeneko timadya chitseko chili chotseka chifukwa cha fungo ndi ntchentche.

Lachiwiri kunabwera abambo ena pa njinga yamoto, dzina lawo a Japhet. Ali m'gulu la anthu oyeza madzi a pansi pa nthaka. Akuti aboola mabowo m'mbali mwa mtaya n'kuikamo mapaipi, ndipo mwezi uliwonse azitunga madzi m'mapaipimo ndi m'zitsime za ife okhala kumunsi, n'kukawayeza ku labotale. Anatunga m'timabotolo tawo n'kutiika m'bokosi lozizira.

Ndinawafunsa kuti, "Kodi madzi oyera mbee ngati awa angakhale ndi vuto?"

Iwo anati, "Mayi, zimene timafufuza ife sizioneka ndi maso. Panopa mtaya ndi wouma. Nkhawa yathu ili pa dzinja, mvula ikalowa m'zinyalalamo n'kutsikira pansi. Tikapeza kanthu tidzakuuzani msanga."

Anayamikiranso njerwa zimene munamanga m'kati. Anati amene anamanga ankadziwa chochita. Ndinawauza kuti ndi amuna anga.

Mukapeza munthu wobwera kuno mutitumizireko ya feteleza mvula isanagwe. Mutilembere, tamva kusowa.

Ndine mkazi wanu,
Dinah

*

Chinamwali, Zomba
2 Novembala 1998

Achimwene a Prosper,

Ndikhulupirira muli moyo. Ine ndilipo, bizinesi ya kaunjika ikuyenda pang'onopang'ono.

Mukundidziwa, ine si munthu wa miseche. Koma mayi atamwalira ndinakulerani ndine, ndiye sindingaone chinthu n'kukhala chete.

Lachiwiri ndinapita kwanu kukapereka timalaya ta ana. Pachipata ndinapeza mthuthuthu. Kukhonde kulibe munthu. Nditazungulira kuseri ndinapeza alamu anga a Dinah akukoka ndowa pachitsime, akuseka, ndipo bambo wina wanyamula Ella paphewa ngati wake. Pambali pali kapu ya thobwa, amwa kale theka. Atandiona bamboyo anandipatsa moni waulemu kwambiri, ulemu wopitirira muyezo.

Alamu akuti ndi woyeza madzi. Ine ndafunsa kumsika, ndipo azimayi a kumeneko akuti mthuthuthu umenewu umaima pachipata chanu mwezi ndi mwezi. Amapitanso m'makomo ena, inde, koma kwanu ndiye amachedwa. Madzi ake ati oyezedwa osatha? Ife tinakula tikumwa madzi a m'chitsime, palibe anabwera ndi botolo.

Sindikunena kuti ndaona choipa. Ndikunena zimene ndaona. Inu mukuvutika m'dziko la eni kuti nyumba ija iime, ndipo anthu akuyamba kuloza. Muone chochita, koma musatchule dzina langa.

Ndine mchemwali wanu,
Magret

*

Johannesburg
29 Novembala 1998

Mayi a Joanna,

Kalata yanu ya mu Seputembala ndinalandira. Ya feteleza ndapatsira dalaivala yemwe wabweretsa kalatayi.

Sindikufuna kuzungulira. Ndamva kuti pakhomo panga pamabwera mwamuna, amamwa thobwa, amanyamula mwana wanga amene ine bambo wake sindinamugwirepo. Musandifunse amene wandiuza. Zomba ndi yaing'ono.

Mukudziwa mmene ndikukhalira kuno? Timagona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, nsapato pansi pa mutu kuopa akuba. Masana ndimadula kapinga wa mzungu, ndikamva galimoto ya polisi ndimabisala kuseri kwa maluwa ngati mbava, chifukwa mapepala ndilibe. Chimene chimandilimbitsa ndi kuganiza kuti kumudzi kuli nyumba yanga, mkazi wanga, ana anga. Ndiye ndizimva kuti kuseri kwa nyumbayo kukumveka phwete la munthu wina?

Munandilembera nokha kuti anayamikira njerwa zanga. Nthawi imeneyo ndinasangalala. Lero ndikawerenganso mawuwo ndikumva ngati wina wandithira dothi m'maso.

Chitsime chija ndinakumba ndekha mpaka ndinafika pamwala. Ndinachimanga, ndinachivindikira ndi simenti. Palibe chonyansa chingalowemo. Munthu ameneyo asapondenso pakhomo panga, kaya ndi botolo kaya ndi chiyani. Musamulandire, musamutumire mawu. Ndikamva kuti wabweranso, ndidziwa kuti mwasankha.

Ana muwapatse moni.

Prosper

*

Kwa Nachuma, Zomba
17 Januwale 1999

Bambo a Joanna,

Moni. Ndikhulupirira chaka mwachiyamba bwino. Ana ali bwino. Ella wamera mano ndipo wayamba kudya phala.

Kalata yanu inafika Khirisimasi itayandikira. Ndinaiwerenga nditaimirira, kenako ndinakhala pansi pomwepo pakhonde. Sindinayankhe msanga chifukwa ndikanalemba mawu oti sangabwezedwe. A Japhet ndi bambo a msinkhu wa malume anga. Ananyamula Ella chifukwa ankalira ine ndili ndi chingwe m'manja. Thobwa ndimapatsa aliyense wofika pano dzuwa likuswa. Mulungu akudziwa, ndipo ndimaganiza kuti inunso mukundidziwa.

Komabe ndachita zimene munanena. Atabwera mu Disembala ndinakumana nawo pachipata ndisanatsegule.

Ndinati, "Pepani bambo, eni nyumba akaniza."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumwamba, mitambo itada bii kuphiri. Anati, "Mayi, miyezi yonseyi madzi anu akutuluka bwino. Koma mwezi umene timaudikira ndi uno. Mungondilola botolo limodzi, ndiima patali, atunge ndi wina."

Ndinati, "Sindingathe."

Anati, "Sitilowa mokakamiza. Koma chonde, madzi a ana muziwiritsa."

Analiza njinga yawo n'kumapita. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindingawalembe.

Tsono mverani chimene ndalembera kalatayi. Mvula yagwa yambiri. Kumtaya kukutuluka madzi akuda ngati khofi, onunkha, ndipo akuyenda m'ngalande ya m'mbali mwa msewu. Sabata yatha oyeza aja anapeza tizilombo m'chitsime cha a Ramadhani, aneba athu akumtunda. Apaka penti wofiira pachivindikiro, aletsa kumwa. Banja lawo tsopano likutunga kumjigo wa kusukulu, kutsidya kwa mtsinje, ndipo mtsinje ukadzaza sawoloka.

Amayi a kwa Ramadhani anabwera kudzandiuza kuti a Japhet akupempha kuti ayeze chathu, poti madzi a pansi amatsikira kuno. Anati iwo akhoza kunditengera botolo mobisa. Ndinakana. Zikamveka kuti ndikutumizirana mabotolo ndi munthu yemweyo kudzera kwa aneba, mudzati chiyani?

Madzi athu akuonekabe oyera, fungo alibe. Madzi a Ella ndimawiritsa, koma nkhuni zanyowa, makala akwera, ndipo masiku ena moto umangokwanira phala. Kumjigo ndimapita mtsinje ukaphwa, mwana kumsana wina padzanja.

Ndikukupemphani, bambo a Joanna, mulole ayeze kamodzi kokha. Ngati simundikhulupirira, achemwali anu adzakhalepo, aone ndi maso awo. Ndikudikira mawu anu. Yankhani msanga.

Ndine mkazi wanu,
Dinah

*

Chinamwali, Zomba
10 Febuluwale 1999

Achimwene,

Khalani pansi musanawerenge.

Ella watisiya. Wamwalira Lolemba m'mawa, ndipo tamuika dzulo.

Anayamba kutsekula m'mimba Lachisanu, iye ndi Joanna yemwe. Alamu anawapatsa madzi a mchere ndi shuga. Joanna ankamwa, koma Ella chilichonse cholowa ankasanza, ngakhale bere. Loweruka mvula inagwa tsiku lonse, msewu sunkadutsika. Lamulungu kutacha a Ramadhani anawanyamula pa njinga mpaka kumsewu waukulu, n'kupeza galimoto. Ine uthenga unandipeza kutchalitchi, ndinathamangira kuchipatala ndi yunifolomu ya chigwirizano.

Ndinamupeza maso atalowa m'kati, liwombo litabonyoka. Anamwino anayesetsa, achimwene, sindinganame. Anafufuza mtsempha m'manja osaupeza, mpaka anamuika diripi pamutu. Kulira anasiya, ankangotsegula kukamwa popanda mawu. Lolemba dzuwa likutuluka alamu anandiuza kuti, "Alamu, tamugwirani, wazizira mapazi." Nditamugwira ndinadziwa.

Ndinapita ku telefoni ya kupositi, ndinaimba nambala ya abwana anu ija. Anayankha mzimayi, anati munasiya ntchito kumeneko, sadziwa kumene muli. Tinadikira tsiku limodzi. Kupitirira apo sizikanatheka.

Joanna wachira, ali ndi ine kuno. Alamu pamaliro sanalire mokweza, anangokhala, mkaka ukunyowetsa bulauzi.

Titabwerako kumanda, bambo wa madzi uja anafika. Njinga anaizimitsira kutali n'kumaikankha. Anaima pachipata chipewa chili m'manja, sanalowe. A Douglas, achimwene awo a alamu, aja a ntchito ya nkhalango kuphiri, ndi amene anamutsegulira n'kupita naye kuchitsime. Watunga madzi, akuti zotsatira zibwera.

Bamboyo anandipatsa moni ngati tsiku lija.

Ndilekeza pano. Kalatayi ndapatsira mnyamata wa kwa Mbedza amene akunyamuka mawa, akuti akufunsani kwa anzanu mpaka akupezeni. Bwerani, achimwene.

Magret

*

Benoni
13 Febuluwale 1999

Wokondedwa Dinah, mayi wa ana anga,

Moni wochuluka kwa iwe, kwa Joanna, ndi kwa mayi wamng'ono wa mano atsopanoyo. Ine ndili bwino kuposa kale.

Kalata yako ya mu Januwale ndailandira dzulo. Inakhala kumalo kwanga kwakale, chifukwa ndinasamuka. Ndapeza ntchito ina kuno ku Benoni, pa galaja. Ndimatsuka magalimoto ndipo akundiphunzitsa kusintha matayala. Ndili ndi kachipinda kangakanga, kali ndi loko.

Ndaiwerenga kalata yako mpaka pepala lafewa. Dinah, ndinalemba zija mtima uli wowawa. Munthu ukakhala kutali, mawu amodzi amakula m'mutu mpaka kudzaza chipinda. Nditawerenga zoti unaima pachipata n'kubweza bambo wachikulire chifukwa cha ine, ndinachita manyazi. Mkazi wa chinyengo sachita zimenezo.

Auze abwere ayeze. Achemwali asavutike kudzakhalapo, palibe chifukwa. Ndikukhulupirirabe kuti chitsime changa apeza chili bwino, koma ngati apeza kanthu, tseka, usandidikire. Ndikutumiza ya makala kuti madzi a ana uziwiritsa tsiku lililonse, ndi ako omwe.

M'phukusimu muli diresi ya Joanna, nsalu yako, ndi nsapato za Ella, zofiira, zokhala ndi kabelu kutsogolo. Saizi ndangoyerekeza. Ndinaima m'sitolo n'kumafunsa mzimayi wina wonyamula mwana kuti wake ali ndi miyezi ingati, mpaka anandiseka. Ngati zakula azivala akayamba kuyenda. Kodi wayamba kukwawa? Amati chiyani akafuna bere? Umuuze kuti ali ndi bambo, asamangodziwa aneba.

Wojambula akadutsa umuitane, unditumizire chithunzi cha nonse atatu. Ndikufuna ndichikhome pamwamba pa bedi.

Ndikhululukire, mkazi wanga. Zinthu zikayenda chonchi, Khirisimasi ikubwerayi tidyera limodzi.

Ndine mwamuna wako,
Prosper

*

Benoni
7 Malichi 1999

Dinah,

Mnyamata wa kwa Mbedza wandipeza lero pagalaja. Ndawerenga kalata ya achemwali nditagwira sipanala.

Ndaona tsiku limene analemba. Ndaona tsiku limene ine ndinalemba yanga. Pamene ndinkasankha nsapato m'sitolo, n'kuti mwana wanga ali kale m'dothi.

Sindikudziwa cholemba. Ndayamba kalatayi n'kung'amba, kuyambanso n'kung'amba. Phukusi lija usalitsegule, ngati sunalitsegule kale.

Abwana akuti ndidikire mpaka Meyi kuti apeze wina. Ndibwera, ngakhale wapansi.

Ndiuze mmene analili. Ndilibe nkhope yoti ndizimulirira. Ndikatseka maso ndimaona Joanna ali wakhanda, ndipo ndikudziwa kuti si iyeyo. Ndiuze chilichonse, Dinah, chonde.

Prosper

*

Kuphiri, Zomba
11 Epulo 1999

Bambo a Joanna,

Makalata anu onse awiri ndalandira. Ndikhulupirira muli ndi moyo. Ine ndi Joanna tili kwa achimwene a Douglas, kumalayini a anthu a nkhalango. Kunyumba kuja ndinatseka, makiyi ali kwa a Ramadhani.

Phukusi linafika kalata yanu yachiwiri isanafike, ndiye ndinali nditatsegula kale. Joanna ndi amene anapeza nsapato. Anaziliza kabelu n'kufunsa kuti, "Tikamupatsira kuti?" Ndazisunga m'sutikesi.

Zotsatira zinabwera kumapeto kwa Febuluwale. A Japhet anazibweretsa okha. Madzi a m'chitsime chathu anali ndi tizilombo tochuluka kuposa a kwa Ramadhani. Akuti njerwa zanu zilibe mlandu, ngakhale chivindikiro. Madzi oipawo sanalowere pamwamba. Anayenda pansi, pamwamba pa mwala umene munafikapo uja, kuchokera kumtaya mpaka kwathu. Mwala womwewo ndi umene unawabweretsa.

Ndinawafunsa funso limodzi. Ndinati, "Bambo, mukanatunga mu Disembala, kapena mu Januwale muja munatuma mawu, mukanapeza?"

Anati, "Za Disembala sindikudziwa, mayi."

Ndinati, "Nanga Januwale?"

Anatsegula chitini cha penti n'kuyamba kupaka chivindikiro. Ndinawagwirira chitinicho.

Mwapempha kuti ndikukhululukireni. Achemwali anunso anabwera kuno, anakwera phiri lonseli wapansi, anagwada pakhomo, anaulula kuti ndi iwo anakulemberani za a Japhet, n'kulira mpaka aneba anatuluka. Ndinawadzutsa, ndinawapatsa madzi akumwa. Sindikudana nawo. Inunso sindikudana nanu. Ndikanakonda ndikanadana nanu, mwina bwenzi ndikugona tulo. Koma ndikayamba kukuimbani mlandu, ndimakumbukira kuti inu munali ku Joni, achemwali anu anali ku Chinamwali. Amene anaima pachipata anali ine. Ndinkaona madzi akuda m'ngalande ndi maso angawa. Ndinaopa kutaya banja, ndipo ndinadikira kalata.

Mtaya ukadalipo. A Ramadhani akuti magalimoto akukhuthulabe, ndipo zitsime zonse za mbali yathu tsopano ndi zofiira. Akuluakulu ena anabwera, analonjeza mjigo wakuya kutali ndi mtaya. Anthu akudikira.

Kuno kumazizira, nkhungu imalowa mpaka m'nyumba. Madzi timatunga pakasupe wotuluka pakati pa mitengo ya paini, kumtunda kwake kulibe nyumba ngakhale imodzi. Ndimawawiritsabe. Akazi a achimwene amangondiyang'ana. Masana ndimakhala nawo pamsewu kugulitsa zipatso za magalagadeya kwa anthu okwera ndi magalimoto. Akaima azimayi onyamula makanda, ndimawasiyira alamuwo kuti agulitse.

Mwati ndikuuzeni mmene analili. Chithunzi palibe. Wojambula anadutsa mu Novembala, ndinati adzabwere mwana akayamba kukhala yekha kuti adzaoneke bwino.

Anali woderapo kuposa Joanna, wa tsitsi lochepa, lofewa, losonkhana pakati pa mutu. Mano anali awiri, a m'munsi. Poyamwa ankagwira khutu langa, ndipo ndikachotsa dzanja lake ankasiya bere n'kundiyang'ana mpaka ndimubwezere. Sankakonda kuberekedwa ndikaima, ankafuna ndiziyenda. Kukwawa anali asanayambe, ankadzikoka ndi mimba chobwerera m'mbuyo, n'kumakwiya poona kuti chimene akufuna chikutalikira. Tambala akalira ankatembenuka kumufunafuna. Mawu ake anali amodzi okha, "dada," ndipo ankaitana nawo aliyense, Joanna, ine, ngakhale mbuzi ya aneba. Ndi zimenezo. Ndayesa kukumbukira zina, koma masiku ake anali ochepa.

Mwati mubwera mu Meyi. Bwerani. Mukatsika basi musapite kunyumba, mukwere kuno, mufunse malayini a nkhalango, aliyense akulozerani. Joanna akufuna bambo wake, ndipo sindingamumane. Tikatero ndidzatsika nanu kumanda, chifukwa nokha simungapazindikire, timitumbira ta chaka chino tachuluka mbali imeneyo.

Za pambuyo pake, zoti ine ndi inu tidzakhala bwanji, musandifunse panopa. Ndikafufuza mumtima mwanga sindikupezamo yankho, ndipo sindikufuna kukunamizani.

Dinah